Kodi Wodziwa Cingelezi Ndiye Wanzeru?

Mwezi wathawu anafika kwa ife bambo wina wa kumudzi, munthu wa imvi, ali ndi kapepala m'dzanja lace. Mwana wace wamkazi analemba mayeso a MSCE potsiriza Fomu 4, nakhoza bwino masamu, zaulimi ndi maphunziro ena; koma Cingelezi cinamkanika, ndipo cifukwa ca phunziro limodzi lomwelo sanalandira setifiketi. Bamboyo anagulitsa mbuzi zinai ndi mtedza wa zaka zitatu kuti mwanayo aphunzire. Anakhala pansi pakhonde, nati, "Mundiuze zoona, aphunzitsi. Kodi mwana wanga ndi mbuli? Pakuti anzanga kumudzi atero."

Tinamyankha monga tinakhoza, ndipo iye anabwerera kwao. Koma funso lace silinacoka m'mitima mwathu, ndipo tifuna kulisinkhasinkha pamodzi ndi inu, abale ndi alongo akuwerenga kalata uyu, pakuti tidziwa kuti m'midzi yambiri muli atate ndi amai akufunsa comweco. Kodi kudziwa Cingelezi ndiko nzeru, ndi kusacidziwa ndiko kupusa?

Tiyambe ndi kubvomera cimene ciri coona. Cingelezi cifunika ndithu, ndipo munthu wakuuza mwana wace kuti ciribe nchito amnyenga. M'caka ca 1968 akuru a dziko anapangana kuti Cinyanja cidzitchedwa Cicewa, cikhale cinenero ca pfuko lonse. Koma Cingelezi cinakhalabe ca m'maofesi, ca m'makhoti akuru ndi ca m'sukulu zapamwamba. Malamulo akuru a dziko, olembedwa mu 1994, anena kuti munthu wofuna kukhala phungu wa ku Nyumba ya Malamulo adziwe kunena ndi kuwerenga Cingelezi. Mabuku a udokotala ndi a zamakina ali m'cinenero comweco. Mnyamata wokafuna nchito ku Johannesburg, ndi namwino wopita ku London, onse ayenda naco ngati kamba wa paulendo. Makolo athu anazindikira ici kalekale: pamene Robert Laws anatsegula sukulu yaikuru ku Khondowe mu 1894, anyamata anayenda pansi masiku ambiri kukafuna maphunzirowo. Akale anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka sitiyenera kukataya.

Nanga cimbvuta bwanji mwana wa kumudzi? Si cifukwa ca kuuma mutu ai. M'cinenero cathu muli maliu asanu akutsekera mau, ndiwo a, e, i, o, u, ndipo mau ali onse atha ndi limodzi la iwo. Ndico cifukwa cace mau ao akuti school ndi book ife tinawasandutsa sukulu ndi buku, kuti akhale bwino pa lilime lathu. Koma Mngelezi, angakhale alemba ndi zilembo zisanu zomwezo, aturutsa nazo maliu pafupifupi 20, ndipo kalembedwe kace sikatsata katchulidwe. Kwa ife l ndi r sizisiyana, pakuti wakuti kulira ndi wakuti kulila anena cinthu cimodzi. Kwa iwo kusintha zilembo ziwirizi ndiko kusintha tanthauzo. Ife titi iye, angakhale mwamuna angakhale mkazi. Iwo ali nao mau awiri.

Onjezerani apo ici. Mwana wa banja lolemera la m'tauni amva Cingelezi m'nyumba usana ndi usiku. Wa kumudzi acimva m'kalasi mokha, pakamwa pa mphunzitsi mmodzi wakuyang'anira khamu la ana. Mu 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana anacuruka kucokera pa 1.9 miliyoni kufikira pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi ndi mabuku anaperewera. Mwana wotere afanana ndi munthu wophunzira kupalasa bwato ali pamtunda. Akamira tsiku la mayeso, kodi tidzati ndi wopusa?

Tsono tifike pa mtima wa funso lija. Cinenero ciri ngati mtsuko, ndi nzeru ndiwo madzi a m'kati mwace. Mtsuko wokongola ukhoza kukhala wouma, ndi wakuda ndi mwaye ukhoza kudzala madzi ozizira. Taona ana akuloweza pamtima zonse za pabolodi, nazinena bwino osaphonya ngakhale liu limodzi. Koma powafunsa m'Cicewa kuti zimenezo zitanthauza ciani, angoti cete. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Taonanso amai okalamba osadziwa Cingelezi konse, amene adziwa mbeu yoyenera dothi liri lonse, nasunga cimanga kufikira zokolola zina, nayanjanitsa mabanja akufuna kupasuka. Mwa awiriwa wanzeru ndani?

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu ya sekondale posowa ndalama. M'kanyumba ka mabuku ka kwao anapeza buku la Cingelezi lonena za magetsi ndi mphamvu ya mphepo. Cingelezi cace cinali cocepa, monga anena yekha. Cotero anapenyetsetsa zithunzi, nalondola mau amodziamodzi olembedwa pambali pace, namanga makina a mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale ya atate wace, nayatsa magetsi m'nyumba ya kwao, ali mnyamata wa zaka 14. Pambuyo pace anabwerera kusukulu, naphunzira Cingelezi bwino, natsiriza maphunziro ace pa Dartmouth College ku America mu 2014. Taonani dongosolo lace: nzeru inatsogola, ndi Cingelezi cinadza pambuyo nicimtsegulira khomo. Koma taonaninso kuti buku lija linali la Cingelezi. Zinthu ziwirizi sizidana, koma siziri cinthu cimodzi.

Kapena wina ayesa kuti Cingelezi cinabadwa ndi ulemu umene ciri nao lero. Iai, nconso cinanyozedwa m'dziko la kwao lomwe. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo zaka zambirimbiri akuru a dziko ananena Cifalansa, ophunzira analemba Cilatini, ndi Cingelezi cinayesedwa cinenero ca alimi ndi anchito. Kufikira mu 1362 ndipo panakhala lamulo lakuti mirandu idzinenedwa m'Cingelezi. Ulemu wa cinenero uyenda ndi mphamvu ya eni ace, ndi malonda ao, ndi mabuku amene analemba. Sucokera m'maliu ace ai.

Poiwala ici anthu acimwira ana. M'zaka za m'ma 1800, m'sukulu zina za ku Wales, mwana wogwidwa alikunena cinenero ca amace anampacika kathabwa m'khosi. Iye pofuna kukacotsa anayenera kugwira mnzace, ndipo wotsala nako pomaliza ndiye analangidwa. Mwambo wonga uwu unafika ndi kuno komwe. Ena a ife tinauona ndi maso athu, ndipo ena tinatchetcha udzu ndi kukumba maenje cifukwa ca kupempha mnzathu pensulo m'Cicewa. Aphunzitsi aja anafuna zabwino, sitikana. Koma mwana wolangidwa cotero aphunziranji? Aphunzira kutseka pakamwa, ndi kuzonda anzace, ndi kucita manyazi ndi amace amene anambala. Ndipo Cingelezi cimene cinafunikaco saciphunzira, pakuti cinenero cilowa ndi kucinena, ndi kuphonya, ndi kukonzedwa mofatsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma wina adzati, Ngati Cingelezi ndico khomo, tilekeranji kuyamba naco tsiku loyamba, mwana asazolowere cina? Funso ili labvuta ndi akuru a boma omwe. Kuyambira 1968 ana anaphunzira m'Cicewa pa Sitandade 1 kufikira 4, nayamba kuphunzira zonse m'Cingelezi pa Sitandade 5. Mu 1996 unduna unaloleza kuti makalasi oyambawo adziphunzira m'cinenero ca kwao, pakuti kwa mwana wa ku Karonga kapena wa Ciyao wa ku Mangochi, Cicewa naco cikhoza kukhala cacilendo. Mu 2013 lamulo latsopano la maphunziro linaika Cingelezi kukhala cophunzitsira, ndipo mu 2014 analengeza kuti ciyambire pa Sitandade 1. Ife sitiri oweruza a boma. Tingonena cimene taona m'kalasi. Mwana wakuyamba kuwerenga m'cinenero cimene acimva asenza mtolo umodzi, ndiwo zilembo. Wakuyamba m'cinenero cacilendo asenza mitolo iwiri pamodzi, zilembo ndi tanthauzo, ndipo ambiri atula yonse iwiri panjira. Wodziwa kuwerenga kale cinenero cace salowa m'Cingelezi cimanjamanja.

Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba buku lace lochuka la Nthondo m'Cinyanja, nalandira nalo mphotho mu 1933. Ndipo caka cotsatira Cullen Young analimasulira m'Cingelezi kuti a kutsidya kwa nyanja aliwerenge. Munthu akakhala naco cakunena, anthu a manenedwe ena adzafuna okha kumva.

Catsala cinthu cimodzi, ndico cacikuru, ndipo tinena kwa inu amene Cingelezi mucidziwa. M'mudzi muli ngati mwini bwato padooko, pamene anzanu onse afuna kuoloka. Pali nkhalamba yakulandira mankhwala kucipatala, yosadziwa kuwerenga zolembedwa pabotolo. Pali mlimi wakugula mankhwala a mbozi, wosadziwa muyeso wace, amene akhoza kuononga munda wace kapena thupi lace. Pali mkazi wamasiye wakulandira kalata wa kukhoti, kapena pepala lakuti asainepo za munda wa mwamuna wace. Mwini bwato wina aolotsa onsewa mokhulupirika. Wina aimirira pabwalo, naponya mau a Cingelezi pakati pa akuru kuti awatseke pakamwa. Ndipo winanso awerengera wamasiye uja zina, pamene papepala palembedwa zina. Onse atatu Cingelezi cao ncimodzi. Cowasiyanitsa ndi mtima, ndipo mtima sayesa pa mayeso a MSCE.

Cifukwa cace tikupemphani, atate ndi amai, limbikitsani ana anu kuphunzira Cingelezi ndi mphamvu yao yonse, koma musawalole kupeputsa malonje a kwanu ndi miyambi ya agogo ao. Inu aphunzitsi, mwana akapanda kumva, mfotokozereni m'cinenero cace, ndipo pamenepo mubwerere naye ku Cingelezi, musamseke akaphonya. Ndi inu ana, nenani osaopa, funsani osacita manyazi, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa bambo uja tinati, "Mwana wanu si mbuli ai. Wakukhoza masamu ali nayo nzeru. Camsowa ndico cinenero cimodzi, ndipo cinenero ciphunzirika. Alembenso mayeso. Awerenge mokweza tsamba limodzi tsiku ndi tsiku, amvere nkhani za Cingelezi pa wailesi, ndipo pomaliza akuuzeni inu m'Cicewa zimene wamva. Akakhoza kukuuzani, ndiye kuti wamvadi." Iye anapinda kapepala kaja, nakaika m'thumba, nati yatsala mbuzi imodzi ya bere.