Kamera Nayo Iziodila

Kawalala akalowa m'nyumba usiku, m'mawa mumadziwa cimene capita: wailesi, mbaula, nsapato za kusukulu. Koma munthu akaima pamsewu, n'kuloza foni pa nyumba yanu, n'kupitiliza ulendo wake, palibe cimene cimasowa. Denga lili pomwepo, citseko cili pomwepo, nkhuku zonse zilipo. Nanga n'cifukwa ciani mtima umawawa monga kuti wakubelani? Funso limeneli limandikhudza, cifukwa ine ndine mmodzi wa aja oloza foni.

Ndimaphunzitsa mbili yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Lusaka, ndipo masukulu akatsekela ndimakonda kukopa zithunzi. Sindine katswili, kamera yanga ndi foni cabe. Malo amene ndimabwelelako kawili-kawili ndi Luangwa boma, kumene acikulile amakuchulabe kuti Feira. Mukacoka mu Lusaka pa Great East Road mumayenda makilomita pafupifupi 230 kufika pa Luangwa Bridge, paja amagulitsa nsomba zouma, mphasa ndi madengu. Musanawoloke ulalo mumakhotela kudzanja lamanja ndi kutsata mtsinje mpaka pamene Luangwa amathila mu Zambezi. Pamenepo maiko atatu amayang'anana: Zumbo wa ku Mozambique ali kutsidya kwa Luangwa, dela la Kanyemba ku Zimbabwe lili kutsidya kwa Zambezi, inu muli ku Zambia.

Munthu wa foni akafika kumeneko amakopa zinthu zitatu: mtsinje, makoma akale, ndi anthu. Ciliconse cili ndi funso lake.

Tiyambe ndi mtsinje, cifukwa umaoneka wopanda mlandu. Dzuwa likamalowa madzi amafiila, bwato limadutsa, msodzi amaoneka ngati cithunzi-thunzi cakuda. Olo foni yochipa imatulutsa cinthu cokongola. Koma cithunzi cili ndi malile anai, ndipo zambili zimatsala kunja. Mulibe ng'ona imene imacititsa amai kutunga madzi maso ali tcheru. Mulibe mvuu imene imagubuduza bwato, kapena njovu zimene zimatsiliza munda wa cimanga usiku umodzi. Mulibe kutentha kwa mu October kumene kumagoneka anthu panja. Paja amati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Kodi ndiye kuti cithunzico ndi bodza? Ine nditi iyai. Dzuwa linalowadi motelo, ndipo msodzi naye ali ndi maso. Anthu a m'mbali mwa mtsinje amaudziwa kukongola kwake kuposa ife. Kunena kuti munthu wovutika saona kukongola kwa kwao ndi cipongwe cina. Bodza limabwela pa mau amene timaika pansi pa cithunzi tikafika pa Facebook: "Moyo wa kumudzi, kulibe stress." Amene amalemba zimenezi anagonako masiku awili, tikiti ya basi yobwelela ili m'thumba. Wasandutsa nchito ya mnzake kukhala malo ake opumulilako, ndipo wakambila munthu amene sanamufunse.

Makoma akale ali ndi funso lolemelapo. Dzina lakuti Feira ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo ca m'ma 1720, ndipo malonda a pa malo awa anali golide, minyanga ya njovu, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu. David Livingstone atadutsa mu 1856 anapeza nyumba za miyala zili mabwinja, chalichi cogumuka ndi belu losweka. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 delali linagwidwa ndi amuna a mfuti monga José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya, amene asilikali awo anali kusakaza midzi kufuna minyanga ndi akapolo. Asilikaliwo anali Acikunda, ndipo Acikundawo ciyambi cawo cinali ukapolo pa minda ikulu-ikulu ya Apwitikizi kumunsi kwa Zambezi. Lelo adzukulu a ogwila ndi adzukulu a ogwidwa amagula pa msika umodzi ndipo amakwatilana.

Tsopano tengani khoma la nthawi ngati imeneyo, mizu ya kacele italikumbatila, muikepo filter ya bulauni. Limaoneka laulemu, ngati likukamba kuti kale zinthu zinali bwino. Koma miyala ija siinayende yokha kucoka kuphili. Winawake anaisenza pamutu, ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse. Cithunzi cokongola ca khoma lotele cikhoza kutamanda amene analamula ndi kuiwalitsa amene anasenza.

Mnzanga wina, mphunzitsi wa masamu, anandiuza kuti yankho n'losavuta: zisiyeni zigwe, musazikope, si zathu. Mau ake ali ndi mphamvu, koma sindigwilizana nawo. Ngati manja a makolo athu ndiwo anamanga, khomalo ndi lathu kuposa la amene anakhalamo. Ndipo si makoma onse amene ali ndi nkhani imodzi. Ansembe a Cijezwiti atathamangitsidwa ku Mozambique boma la Portugal litasintha mu 1910, anasiya chalichi cawo cacikulu ku Miruru ndi kuwoloka Luangwa, n'kuyamba mishoni ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ku Katondwe kuli cipatala cimene cikuthandiza anthu mpaka lelo. Ku Kavalamanja, kumtunda kwa Zambezi, asilikali a Rhodesia anaponya mabomba mu 1978 pa nkhondo yomenyela ufulu wa Zimbabwe. Dela limodzi, nkhani zosiyana, ndipo ana a sukulu yanga ambili sanamvepo olo imodzi.

Lamulo la National Heritage Conservation Commission la mu 1989 limateteza zomangidwa caka ca 1924 cisanafike. Koma lamulo sililetsa ciswe, mvula kapena mizu ya mtengo. Khoma likagwa, mboni imene imatsala ndi cithunzi. Conco kukopa makoma akale ndi nchito yabwino, malinga ngati wokopayo wavutikila kufunsa kuti anamanga ndani, anamangila ciani, ndipo anthu a pamalopo amakamba zotani za ilo. Mboni yosadziwa cimene inaona siithandiza pa mlandu.

Pali cinanso. Kwa zaka zambili kamera inali m'manja mwa alendo. Pa ulendo wa Livingstone wa mu 1858 mpaka 1864, John Kirk ndi Charles Livingstone ananyamula makamera, ndipo zina mwa zithunzi zoyambilila za m'cigwa ca Zambezi zinacokela kwa iwo. Ambili amene anabwela pambuyo pawo anakopa makolo athu monga mmene amakopela mitengo ndi nyama, pansi pake n'kulemba mtundu cabe, popanda dzina. Lelo kamera ili m'thumba mwa mwana wa ku Mtendere kapena ku Chawama, ndipo ici n'cinthu cacikulu. Koma tisadzinamize kuti popeza ndife a ku Zambia, ndiye kuti sitili alendo. Ine ndikafika ku Feira ndimafika ndi malipilo a pamwezi, ndimakamba Cinyanja ca m'tauni pakati pa Ansenga ndi Acikunda, ndipo ndikatopa ndimakwela basi. Khungu limodzi silicotsa kusiyana kumeneku.

Apa tafika pa anthu, ndipo apa inu a m'komboni simufunika mphunzitsi. Mvula ikagwa ku Kanyama madzi n'kulowa m'nyumba, mumawadziwa aja amene amabwela ndi motoka, n'kutsitsa galasi pang'ono, n'kuloza foni, n'kupita. Madzulo mumapeza amai anu pa intaneti, citenje cili m'maondo, anyamula matilesi pamutu, pansi pake anthu akuseka kapena akumva cisoni. Zonse ziwili zimawawa. Palibe cimene casowa m'nyumba, koma cimene catengedwa ndi ufulu wosankha mmene anthu akuoneleni. Munthu aliyense ali ndi nkhope ya kuseli kwa nyumba ndi nkhope ya pa bwalo, ndipo mwini wake ndiye ayenela kusankha imene atulutse. Ici ndico cimene wokopa mobisa amaba.

Funsani makolo anu za wojambula uja amene anali kuzungulila komboni pa njinga, kamera ili m'khosi. Palibe amene anali kukopedwa modzidzimutsa. Anthu anali kusamba, kudzola mafuta, kubweleka jekete kwa aneba, kuima pafupi ndi wailesi kapena maluwa. Wina anganene kuti zithunzi zija zinali zonama, cifukwa jekete sinali yawo. Koma zimaonetsa coonadi cina cofunika: mmene munthuyo anafunila kuti adzukulu ake akamuone.

Tsiku lina pafupi ndi Feira ndinapeza ambuya ena akuyanika masau pa mphasa, kumbuyo kwawo kuli mlambe. Ndinaodila, tinapatsana moni, ndipo ndinapempha kuti ndiwakope. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, ufuna anthu a ku Lusaka akandione tele?" Analowa m'nyumba. Patapita nthawi anatuluka atavala citenje ca ku chalichi ndi duku yoyela, anaitana adzukulu atatu, n'kukhala pa mpando manja ali pamaondo, osamwetulila. Masau anawakankhila pambali. Dzuwa linali litakwela, kuwala kuja kofewa kutatha. Pa miyezo ya Instagram cithunzico n'cosakoma. Koma nditabwelelako nditacisindikiza pa pepala, anacigwila ndi manja awili n'kunena kuti cithunzi cokha cimene anali naco cinali ca pa reji. Ca masau cikanakhala canga. Ici cinali cawo.

Ndikudziwa zimene ena angatsutse. Anganene kuti ukapempha, munthu amasintha, ndipo coonadi cimathawa. Kuti mavuto a kumidzi sadzadziwika ngati aliyense ayamba wavala za pa Sondo. Mfundo imeneyi si yopepuka. Pali zinthu zofunika kuonetsedwa popanda cilolezo ca wina aliyense: ulalo wokokoloka umene palibe akuukonza, kalasi yopanda madesiki, mjigo umene unafa caka catha. Kamera ikaloza kwa amene ali ndi mphamvu ndi udindo, siifunika kuodila, cifukwa nchito ya boma si ya kuseli kwa nyumba. Koma kuonetsa kuti kalasi ilibe madesiki sikufuna nkhope ya mwana wong'ambika malaya amene adzakula n'kudzipeza pa intaneti. Muyezo wanga ndi uwu: munthu akakhala wosatha kukana kapena kudziteteza, m'pamene ndiyenela kupempha kwambili.

Ena amati vuto limatha ndi ndalama: mupatseni K20 msodziyo, nkhani yatha. Msodzi akapempha ndalama sanalakwe, cifukwa mwamuimitsa pa nchito ndipo inu mupindula naco cithunzico, olo phindu lake likhale ma like cabe. Koma K20 imagula mphindi zake zisanu, siigula ulemu wake. Siikupatsani ufulu wolemba ciliconse pansi pa nkhope yake. Ndipo pali amene amavomela cifukwa ca njala, kapena cifukwa kwathu kukana mlendo n'kovuta. "Inde" wotele afunika kumumvetsela bwino. Cimene ndimacita ndi kuuza munthu kumene cithunzi cidzapita, kumuonetsa pa foni, ndipo akakwinya nkhope ndimacifuta iye akuona.

Conco ine ndimaona cithunzi ngati nkhongole. Ukakopa mtsinje, uli ndi nkhongole yosanama za moyo wa pamenepo. Ukakopa khoma, uli ndi nkhongole yophunzila mbili yake ndi kuchula amene anasenza miyala. Ukakopa munthu, uli ndi nkhongole ya odi poyamba ndi kubweza cithunzi pambuyo. Makolo athu analibe makamera, koma lamulo analisiya kale: pakhomo pa munthu sulowa usanaodile, olo pakhale palibe mpanda. Foni imaona patali ndipo siimveka mapazi, n'cifukwa cake mwini wake ayenela kuiodilila.

Ndipo musaganize kuti zoyenela kukopa zili ku Luangwa cabe. Nyumba nambala 394 ku Chilenje inali kanyumba wamba ka m'komboni pamene Kenneth Kaunda anakhalamo kucokela mu 1960 mpaka 1962, lelo ndi cikumbutso ca dziko. Ku Kabwata kunali nyumba zambili zozungulila zofolela udzu zimene boma la atsamunda linamangila anchito aciafilika. Zambili zinagwetsedwa, zocepa zimene zinatsala ndizo Kabwata Cultural Village. Makomboni athu akusintha mofulumila: pamene panali tavani pali chalichi, pamene panali bwalo la mpila pali mashopu. Palibe mlendo amene adzabwela kudzasunga zimenezi m'malo mwanu, ndipo akabwela adzakopa ngalande cabe.

Holide ino, kaya mupita kumudzi kaya mukhala mu Lusaka, pezani nyumba yakale kwambili pamalopo. Fufuzani munthu wacikulile amene aikumbukila ili yatsopano. Odilani, khalani pansi, mufunseni amene anaumba njelwa zake. Lembani dzinalo. Mukatelo mufunseni pamene afuna kuima, ndipo akanena kuti muyembekeze akavale citenje cina, yembekezani.