Mumlengalenga Mulibe Womulambalala

Kuchoka pa bwalo la ndege la Chileka kukatera pa la Kamuzu ku Lumbadzi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo ola silikwana n'komwe. Pa basi, kudzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, makilomita amapitirira 300, maola anayi kapena asanu. Aliyense amati wokwera ndege wapulumutsa nthawi. Sinditsutsa. Chimene chimandivuta ine n'chakuti wapulumukanso kwa anthu.

Fanizo la Msamariya wachifundo ndi nkhani ya pamsewu. Wansembe ndi Mlevi anamuona wovulala uja, n'kumulambalala. Mlandu wawo unayamba ndi maso. M'ndege sindilambalala munthu, pakuti sindimuona. Mayi wogulitsa kachewere pa Tsangano, minibasi yofera pa Lizulu anthu atakhala pa katundu wawo, mwana wotambasula dzanja pawindo, onsewo amatsala kunsi kwa mitambo. Kodi amene walipira ndalama kuti asaone ali ndi mlandu wochepa kuposa wansembe uja? Abusa athu amati Mulungu adzakufunsa za zimene zinafika pamaso pako. Ine ndimaganiza kuti adzafunsanso chifukwa chimene unasankhira njirayo.

Komabe msewu tisaupatse ulemu wabodza. M'basi ambiri timangogona, makatani otseka, ena maso ali pa foni kuyambira pa Wenela. Ndipo mwana amene wamva kuti mayi ake akomoka m'chipatala ku Lilongwe, maola amene ndege ingamupulumutsire sangawapereke kwa wina aliyense wa m'mbali mwa msewu.