MTENGO WA MBALE YA KU CHINA

Mkazi akazira nyumba yace, nalemba maluwa pacipupa ndi dothi lofiira, palibe womdzudzula, pakuti mtima wa munthu ukonda zokongola. Koma tiyeni tilingalire funso ili: kodi munthu ayenera kulipira ciani kuti nyumba yace ikongole? Mbiri ya mbale za ku China idzatithandiza kuyankha.

Anthu a ku China anadziwa kale lomwe kuumba mbale zoyera, zopyapyala, zolira ngati belu munthu akazigogoda. M'mudzi wa Jingdezhen amisiri ankasanganiza dongo loyera la ku phiri la Gaoling ndi mwala wopera, nalembapo mbalame, maluwa ndi zinjoka, naziocha pa moto waukali. Amalonda anazitengera kutali. Zina zinafika ku Kilwa, pa gombe la nyanja ya mcere, ndipo mapale ace anapezeka ngakhale m'mabwinja a Great Zimbabwe.

Ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1700, anthu olemera anatengeka nazo mtima. Anamata pazipupa mapepala a zithunzi za ku China, amisiri ao napala mipando motsanzira ya kumeneko, ndi zipinda zina zinadzala mbale zosadyeramo munthu. Wopambana onse pa cilakolako ici anali Augustus, wolamulira dziko la Saxony ku Germany. Iye anasunga m'ndende mnyamata wina, Johann Böttger, amene pambuyo pace anathandiza kupeza cinsinsi ca mbalezo, kotero kuti m'caka ca 1710 anayamba kuziumba ku Meissen, m'dziko lace lomwe. Koma njala ya Augustus sinathe. M'caka ca 1717 anapereka asilikari ace 600 okwera pa akavalo kwa Frederick William I, mfumu ya Prussia, nalandira mbale ndi mitsuko 151 ya ku China. Tawerengani bwino: ngati amuna anai pa ciwiya cimodzi. Amunawo anali ndi kwao, anali ndi amao. Koma mbuye wao anawasinthanitsa ndi dongo loocha. Pomwalira m'caka ca 1733 anasiya ziwiya zoposa 20,000, ndipo nyumba imene anafuna kuziyalamo ku Dresden inali isanathe.

Nanga colakwa cinali pati? Sicinali m'mbale, pakuti woumba anagwira nchito yace mokhulupirika. Sicinalinso pa kuphunzira luso la mtundu wina; paja akulu anati, nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Colakwa cinali pa muyeso. Cokongoletsa nyumba cipangidwa kuti cikondweretse okhalamo; tsono munthu akapereka okhalamo kuti apeze cokongoletsaco, wagula denga nagulitsa mizati.

Tisafulumire kumseka Augustus. Lero makapu, mbale, nsaru za pazenera ndi maluwa a pulasitiki zocokera ku China zipezeka m'masitolo a Chipata ndi Katete, pa mtengo umene ambiri aufikira. Ici ncabwino. Koma taonani bambo wogulitsa cimanga coyenera kufikitsa banja ku masika, kuti agule kabati ya galasi yoonetsa alendo, ana nagona ndi njala mwezi wa February. Taonaninso mai womenya mwana kolapitsa cifukwa ca kapu imodzi yosweka. Awa alibe asilikari 600, koma muyeso wao ndi womwewo. Nyumba yotere ndiyo cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cotero, owerenga okondedwa, kongoletsani nyumba zanu, kapena ndi dothi la kudambo, kapena ndi mbale za kutsidya kwa nyanja. Koma musanagule kanthu, dzifunseni kuti, Ndani adzasauka cifukwa ca ici? Ndipo tsiku limene mwana adzagwetsa mbale yanu ya pamtima, yambani mwaona ngati sanadziceke, mapale mutole pambuyo.