Mwana Uyu Ndi wa Ndani?

Tsiku lina mu October, dzuwa likuwotcha monga mmene limacitila mvula isanayambe, mnyamata wina wa m'kalasi langa la Giledi 8 anakana kuvula juzi. Nditamuitanila pambali, ndinaona mikwingwilima pamsana ndi pamikono, ina ikali yofiila. Anandiuza kuti ambuya ake anamumenya ndi paipi ya madzi cifukwa anatenga K50 pa ndalama za malonda, ndipo anabwela kunyumba pakati pa usiku.

M'mawa mwake ambuyawo anabwela kusukulu, citenge cili bii ndi malasha amene amagulitsa ku Kanyama. Ndinawafotokozela mwaulemu kuti masiku ano lamulo limaletsa kumenya mwana, olo panyumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Ba teacher, uyu mwana ni wanga olo ni wa boma? Pamene amai ake anamwalila, boma inabwela na saka ya unga? Nikamuleka manje, azangena ma junkie, ndipo ni ine nizamutola mu ngalande."

Ndinasowa coyankha, ngakhale ndili ndi digili. Funso lawo lakhala likundivutitsa kucokela tsiku limenelo.

Lamulo limene ndinali kuwauza ndi Children's Code Act, nambala 12 ya caka ca 2022, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu August caka cimeneco. Linasonkhanitsa pamodzi malamulo akale okhudza ana, kuphatikizapo Juveniles Act ya 1956 imene tinatengela kwa atsamunda. Limanena kuti mwana ndi aliyense wa zaka 18 kapena kucepelapo, ndipo limaletsa cilango comenya kulikonse, kusukulu ndi kunyumba komwe. Caka comweco, msinkhu umene mwana angaimbidwe mlandu m'khoti unakwezedwa kucoka pa zaka 8 kufika pa 12. Mu December 2023 aphungu anasinthanso Marriage Act, kotelo kuti ukwati wa munthu wosakwanitsa zaka 18 ndi wopanda nchito, ngakhale utakhala wa mwambo. Zonsezi zinatheka cifukwa mabungwe oona za ana anagogoda pa Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill kwa zaka zambili osatopa.

Ambili a ife timati, "Ifenso tinamenyedwa, koma tinakula bwino." Nanenso ndinamenyedwa, kunyumba ku Matero ndi kusukulu komwe, ndipo lelo ndine mphunzitsi. Koma taonani amene amalankhula mau amenewa. Ndi ife amene tinapilila, tinamaliza sukulu, ndipo tili ndi foni yolembelapo pa Facebook. Anzathu amene anathawa cikoti n'kukagona m'makhonde a mashopu mu Cairo Road, akununkhiza stika kuti aiwale njala, palibe amene amawafunsa ngati anakula bwino. Ndipo tikanena zoona, nthawi zambili dzanja limanyamula lamba cifukwa mwini wake watopa, lendi yakwana, unga watha. Mwana amalipilila mkwiyo umene sanauyambitse.

Conco pa mfundo iyi ndili kumbali ya lamulo. Mwamuna akamenya mkazi wake, sitivomelanso kuti ndi nkhani ya m'nyumba. Timapita ku Victim Support Unit. Nanga n'cifukwa ciani munthu wamng'ono kwambili m'nyumbamo, amene sangathawe ndipo sangabwezele, ndiye akhale yekha wololedwa kumenyedwa? Thupi la mnyamata uja ndi lake. Ambuya ake amamulela, boma liyenela kumuteteza, koma palibe pakati pawo amene angamutenge ngati katundu wake.

Komabe ambuya aja sananame. Makolo athu amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo amene ankanena mau amenewa ankadzudzula mwana wa mnzawo, komanso ankamupatsa nsima akamupeza ndi njala. Ufulu wolankhulapo pa mwana unkabwela ndi udindo womudyetsa. Ngati boma likufuna kulowa m'nyumba ya zipinda ziwili ku George kapena ku Chawama n'kunena kuti "tulani paipiyo," liyenela kulowa litanyamula kanthu m'manja. Likacotsa cikoti n'kusiya ambuya okha ndi mantha awo, iwo adzaona lamulolo ngati cipongwe, ndipo adzapitiliza kumenya mwana citseko cili cotseka.

Sindinganene kuti boma silinacite kalikonse. Kuyambila mu January 2022, maphunzilo ndi aulele mpaka Giledi 12, ndipo ana ambili amene anali kucotsedwa cifukwa ca fizi anabwelela. Caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Social Cash Transfer, imene inayambila ku Kalomo mu 2003, tsopano imafika m'maboma onse. Nambala ya 116 ndi yaulele, ndipo mwana angaimbe usana kapena usiku. Koma m'kalasi langa muli ana oposa 80, ndipo mphunzitsi wa uphungu amene ayenela kukhala pansi ndi mwana wovutika alinso ndi makalasi ake. Kumayambililo kwa 2024, kolela itabuka, masukulu anatsekedwa mpaka pa 12 February, odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium. Ana a m'makomboni, kumene madzi a mvula amasakanizika ndi a m'zimbudzi, ndiwo anali pangozi yaikulu. Kuteteza mwana kumaphatikizaponso ngalande, mpope wa madzi abwino, ndi bwalo la mpila kuti mnyamata wa zaka 14 akhale ndi kopita madzulo kusiyapo pakona pa ma junkie.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife acinyamata. Lamulo likasainidwa, nchito yomenyela ana imakhala itangoyamba, cifukwa lamulo lopanda ndalama mu bajeti limangokhala pa pepala. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela la phungu aliyense, ndipo zina mwa izo ndi za mabasale a ana a sekondale ndi a maphunzilo a nchito za manja. Mapulani amayambila ku Ward Development Committee ya m'dela lanu. Kodi munapitako ku msonkhano wake olo kamodzi? Phungu wanu ali ndi ofesi m'dela lanu. Ngati mukhala ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, ndi wa Munali.  Pitani muli gulu, mutalemba mafunso: ndi ana angati a mu wadi yathu amene analandila basale? Ogwila nchito za social welfare amene amayendela mabanja m'komboni muno ndi angati? Kodi makolo ndi ambuya olela ana amasiye angapite kuti kukaphunzila njila zina zolangila mwana?

Za mnyamata uja, sindinapite kupolisi. Ndinaganiza kuti ambuya akatengedwa, mwanayo adzatsala wopanda aliyense. Tinakhala pansi atatu ndi mphunzitsi wa uphungu. Ndinawauza ambuyawo mosabisa kuti ndikadzaonanso zipsela ndidzaimba 116, ndipo iwo sanakondwe. Loweluka lotsatila ndinapita kunyumba kwawo, tinalemba makalata ofunsila thandizo la boma, ndipo tinagwilizana kuti mnyamatayo azitsalila kusukulu madzulo kumenya mpila ndi anzake, kenako azikawathandiza kunyamula masaka a malasha kuti abweze K50 ija.

Pena ndimaopa kuti ndinacita cifundo ndi msana wa mwana wa eni. Ndimamuyang'anitsitsa m'mawa uliwonse akamalowa m'kalasi, makamaka tsiku limene wavala juzi. Ambuya ake akandipeza pamsika amandipatsa moni, koma funso lawo sanalicotse. Tsiku lina anandifunsa ngati makalata aja anayankhidwa. Ndinawauza kuti Lolemba ndidzapita kukafunsa, ndipo ndidzatenga acinyamata angapo a m'dela lathu kuti tikaime pamzele pamodzi.