Makina Aima, Nanga Maina Athu Ali Kuti?

Kwa Lukwa, m'boma la Kasungu, mwezi wa Epulo ndi nyengo yodinda fodya. Fodya amakhala akutsitsidwa m'zigafa, mabelo akukonzekera ulendo wa ku msika wa Chinkhoma, ndipo mlimi aliyense amafuna kudziwa chimene chidzamtsalire akabweza ngongole ya feteleza. M'nyengo yotereyi tidachezeredwa ndi mlembi wa kalabu ina ya alimi, nkhope ili yakugwa. Usiku wapitawo adayamba kusintha pulogalamu yaikulu yoyendetsa laputopu yake kuti ikhale yamakono. Ntchito ili pakati magetsi adazima, batire nalo linali lotha kale. M'mawa makinawo adakana kudzuka. M'katimo munali maina a alimi onse, mabelo a aliyense, ndi ngongole zimene ena adabweza kale. Kunja kwa makinawo kunalibe pena paliponse pamene zidalembedwa.

Tisafulumire kumdzudzula chifukwa chofuna zatsopano. Kampani ya Microsoft idatseka nyengo yosamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, motero anthu ambiri akusamukira ku Windows 11, imene idatuluka mu 2021. Koma kusamuka kuli ndi zoopsa zake. Mu Okutobala 2018 kampani yomweyo idayamba yaimitsa kusintha kwina kwa Windows 10, anthu ena atadandaula kuti zolemba zawo zafufutika. Ngati akatswiri amapunthwa, nanga ife? Kulakwa kwa mlembi kunali kwina: adanyamuka ulendo osasiya mbewu kumudzi.

Tidapita naye ku tauni ya Kasungu kwa mnyamata wina wokonza makompyuta. Mlembi adampempha kuti angoikamo pulogalamu yatsopano msanga. Mnyamatayo adakana mwaulemu. "Bambo," adatero, "nyumba ikamapsa timayamba tatulutsa ana, za denga timaziona pambuyo." Adatifotokozera kuti kawirikawiri makina akakana kuyaka, zolembazo zimakhala zilimobe, chimene chaonongeka ndi njira yozifikira. Munthu akaikamo zatsopano mothamanga, angathe kuzilemba pamwamba pa zakalezo, ndipo pamenepo ndiye zimatayikiratu. Tsono adayatsa laputopuyo pogwiritsa ntchito fulashi yokhala ndi Ubuntu, nakopera zolemba zonse zimene adazipeza pa disiki ina. Atatha izi ndi pamene adakonza makinawo. Zoonadi, kuthamanga sikufika.

Zambiri zidapulumuka, koma chikalata cha ngongole zobwezedwa m'masabata omalizira chidakana kutseguka. Apa ndi pamene padabuka funso limene tifuna kulingalira pamodzi: kodi mlembi auze anzake, kapena alembenso mwakachetechete zimene akukumbukira? Palibe akadadziwa, ndipo ulemu wake ukadasungika.

Tiyeni tifunse: kodi zolembazo zinali za yani? Laputopu inali yake, koma zimene zinali m'katimo sizinali zake. Mzere uliwonse unali thukuta la munthu: kuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka. Taganizirani za mayi wamasiye amene adagulitsa mbuzi kuti abweze ngongole yake. Mlembi akaiwala dzina lake, mayiyo adzadulidwanso ndalama kachiwiri, ndipo sadzakhala ndi pogwira. Wosunga za anthu ena sali mwini, ndi kapitawo chabe. Kapitawo akabisa ngozi pofuna kuteteza mbiri yake, wasandutsa tsoka kukhala chinyengo. Kuzima kwa magetsi sikunali mlandu wake, koma kukhala chete kukadakhala mlandu wake.

Ena anganene kuti kuulula kumabweretsa chisokonezo, pakuti wina amene sadabweze angaime nanena kuti adabweza. Nkhawa imeneyi ndi yoona, sitiikana. Komabe tikabisa choonadi poopa mabodza a ena, ndiye kuti tayamba ndife kunama. Ndiponso chikumbumtima cha mudzi sichikhala m'makina mokha. Mlembi adaitanitsa msonkhano, nafotokoza zonse, napepesa. Ena adabwera ndi timalisiti tawo, ena adaonetsa mauthenga a pa foni otsimikiza kuti adatumiza ndalama, ena adachitirana umboni. Panali kukangana ndithu, ndipo mawu owawa adamveka, koma dzuwa lisanalowe kaundula adalembedwanso pamaso pa onse.

Makolo athu sankadya chimanga chonse. Ankasankha zitsononkho zabwino nazipachika pautsi, kuti nkhokwe ikagwa m'tsoka, mbewu ikhalepobe. Akatswiri a makompyuta amaphunzitsa nzeru yomweyo: chinthu chofunika chisungidwe patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi zinzake. Kwa ife kuno zingakhale laputopu, fulashi yosungidwa kwa msungichuma, ndi kope lolembedwa pamanja. Izi zichitike tisanayambe kusintha chilichonse m'makina, batire litadzaza.

Tsono owerenga athu, tidzifunse m'mabanja mwathu, m'makalabu ndi m'mabanki a m'mudzi: kodi zimene anzathu adatisungitsa zili pa malo angati? Ndipo tsiku limene zidzatayike m'manja mwathu, kodi tidzalimba mtima kuima pamaso pawo ndi kuwauza?