Mlandu Suwola, Koma Mwini Mlandu Amakalamba

Makolo athu ankati mlandu suwola. Sankanama, koma mlandu wawo unali wa mbuzi kapena wa malire a munda, umene ukakanika kwa nyakwawa unkapita kwa gulupu, ukakanikanso nkukafika kwa mfumu yaikulu, zonsezi mvula imodzi isanathe. Wa lero umayenda pa mapepala, ndipo mwini wake amachita imvi akuudikira.

Ambiri a ife kuno ku Masambanjati tinalerera ana ndi ndalama za m'minda ya tiyi. Munthu akachotsedwa ntchito pa esiteti popanda chifukwa chomveka, amakadandaula ku Blantyre, ku bwalo la milandu ya apantchito lija la Industrial Relations Court. Amayenda mpaka zidendene kung'aluka, ndipo tsiku lina bwalo limagamula kuti alipidwe chipepeso. Akafika kumudzi amayambiratu kufunsa mtengo wa malata, ena mpaka kukongola feteleza. Posakhalitsa kumabwera kalata yakuti olemba ntchito achita apilo ku High Court, ndipo apempha kuti chigamulo chiyambe chaima kufikira apiloyo itamvedwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti apilo payokha siimitsa kanthu. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limati wosakhutira achite apilo pasanathe masiku 30, pa mfundo za malamulo kapena za mphamvu za bwalolo, ndipo chigamulo chimagwirabe ntchito pokhapokha bwalo litalamula kuti chiime. Wopempha ndiye ayenera kutula zifukwa. Akalephera, masherifu akhoza kufika pakhomo pake nkunyamula katundu, apilo ili m'njira.

Tisafulumire kunena kuti kuimitsa chigamulo ndi chinyengo cha olemera okha. Madzi akatayika saoleka. Tiyerekeze bwalo lagamula kuti munda wa nthochi si wanu, winayo nkuzula zonse, nkuumbapo njerwa, nkumangapo nyumba. Patapita zaka ziwiri majaji akuluakulu akuti woweruza woyamba analakwitsa. Mwawina, inde, koma mwawina chiyani? Pamenepo kuimitsa kumateteza wamng'ono ndithu. N'chifukwa chake oweruza amayeza mbali ziwiri: wopambana asamanidwe zipatso za mlandu wake, komanso apilo isasanduke yopanda phindu. Bwalo lalikulu la Supreme Court of Appeal, pa mlandu wa kampani ya Mike Appel & Gatto ndi malemu Saulos Chilima, linatsindika kuti jaji aziona kumene kungagwe kupanda chilungamo kwakukulu, akalola kapena akakana.

Ndipo si nthawi zonse wamkulu amapatsidwa chimene wapempha. Pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 2019 nkulamula china pasanathe masiku 150. A Peter Mutharika, amene anali pulezidenti nthawiyo, mwana wa boma lathu lomwe lino la Thyolo, pamodzi ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC, anapempha kuti chigamulocho chiime kaye poyembekeza apilo. Mwezi womwewo bwalo linakana. Apilo inagamulidwa pa 8 May, anthu nkukavota pa 23 June. Mlandu wa dziko lonse unatha miyezi yowerengeka. Nanga wa mlonda wa pa esiteti umalemera chiyani kuti uzigona m'kabati zaka?

Chimene chimandiwawa ine ndi chifukwa chimene maloya amakonda kupereka. Amati: munthuyu sali pa ntchito, tikamupatsa ndalamazi adya, ndipo apilo yathu ikapambana sadzatha kubweza. Taganizani, ana anga. Amene anamuchotsa ntchito ndi omwewo akuloza umphawi wake ngati umboni. Oweruza athu ena anakana kale maganizo otere, nanena kuti kusauka pakokha sikokwanira kumana munthu zake. Ena amadula pakati: gawo lina alandire lero, lotsalalo lisungidwe ku khoti. Nzeru imeneyi ndimaiyamikira, chifukwa wochita apilo mongozengereza amaonekera pomwepo. Ndalama zikangochoka m'thumba mwake, amayamba kuthamangitsa yekha mapepala.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu umakoma m'kamwa mwa wokhuta. Tsamba la tiyi likathyoledwa m'mawa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, likagona m'dengu limapsa, ndipo kapitawo aliyense amadziwa zimenezi. Chipepeso nachonso chimapsa. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anawina mlandu izi zisanachitike, chigamulo chake nkuimitsidwa, adzalandira chiwerengero chomwe chija pa pepala, koma malata amene ankawerengera nyumba yonse adzangokwana khitchini, pokhapokha bwalo litaonjezapo kanthu poona kugwa kwa ndalama. Kampani ili ndi loya wolipidwa kudikira. Mnzathuyu ali ndi ana ofuna fizi, ndipo ulendo uliwonse wa ku Blantyre wokangomva kuti mafayilo sanakonzeke umadya nkhuku ya pakhomo.

Ndiye mukalandira kalata yotere, musangopinda manja nkumati khoswe wakhala pamkhate. Muli ndi ufulu wokayankha pempholo, ndipo ngati lamulo loimitsa chigamulo analipeza inu kulibe, mukhoza kupempha kuti lichotsedwe. Pitani ku Legal Aid Bureau kapena kwa a yuniyoni. Kafunseni ngati apiloyo inalembetsedwadi m'nthawi yake, ndiponso ngati akuiyendetsa kapena angoikhalira. Pemphani kuti gawo lina mulandire tsopano, lotsalalo lisungidwe kumene lingabale chiwongoladzanja, komanso kuti jaji aike tsiku loti apiloyo ikapanda kusuntha, kuimitsako kuthe.