Kodi Kutseka Chitseko Nkutseka Mtima?

Mliri ukagwa, boma nkulamula kuti anthu abindikire m'nyumba, Mkhristu amaima pakati pa malamulo awiri. Lamulo lachisanu limletsa kupatsira mnzake matenda. Lamulo la chikondi limletsa kumsiya ndi njala. Kodi amvere liti?

Carlo Borromeo Woyera adamvera onse awiri. M'chaka cha 1576, mliri utagwa mumzinda wa Milan, iye adaimika maguwa a nsembe m'mphambano kuti obindikirawo amve Misa ali pamazenera, nagulitsa katundu wake kuti adyetse amphawi.

Wanjala sangabindikire: njala idzamtulutsa, ndipo nthenda idzayenda naye. Nchifukwa chake wosiya ufa pakhomo pa mkazi wamasiye, namlonjera ali chapatali, atchinjiriza mudzi wonse. Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati adziwiretu makomo otere mliri usanafike.